Sukulu ya pakhomo: mutu umodzi susenza denga

Pali makolo achikhristu amene afika poganiza kuti ana awo asamapitenso kusukulu, aziphunzira pakhomo. Kuno ku Malawi sanachuluke, ndipo nkhaniyi imamveka makamaka m'mabanja a amishonale ochokera kunja ndi m'mabanja ena a m'mizinda. Koma ku America, ku South Africa ndi ku Britain, komwe kuli abale athu ambiri, ndi nkhani yaikulu yokhala ndi malamulo ake, mabuku ake ndi mikangano yake. Ife amene tili pakoleji lero tisaione ngati ya kutali. Zaka 10 zikubwerazi ambiri tidzakhala tili ndi ana a msinkhu woyamba sukulu, ndipo ena tidzamva funsoli likufunsidwa mumpingo mwathu momwe.

Maganizo anga ndi akuti mavuto ambiri amene kholo lachikhristu limakumana nawo pophunzitsa ana pakhomo amachokera pa muzu umodzi: kholo kudziyesa kuti ilo lokha ndi sukulu yonse. Limafuna kukhala mphunzitsi wa masamu, mphunzitsi wa Chingerezi, hedimasitala, woyesa mayeso, m'busa ndi mnzake wosewera naye mwana, zonse pamutu umodzi. Kutopa, kusowa ndalama, kusungulumwa kwa ana ndi kusowa kwa satifiketi zimakula pamene chipata chatsekedwa. Njira yozigonjetsera ndi kulola anthu ena kulowa m'maphunziro a mwanayo, ngakhale akuphunzirira pakhonde la kwawo.

Tiyambe ndi kumene mchitidwewu unachokera, chifukwa mbiri yake imatithandiza kusiyanitsa nkhawa zathu ndi nkhawa zobwereka. M'zaka za 1962 ndi 1963 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti sukulu za boma zisamatsogolere mapemphero kapena kuwerengetsa Baibulo ngati mwambo wa chipembedzo. Akhristu ambiri kumeneko anaona ngati Mulungu wathamangitsidwa m'kalasi. M'zaka za m'ma 1970 kunabuka anthu awiri amene analimbikitsa zophunzitsa ana pakhomo. Wina anali John Holt, mphunzitsi amene ankaona kuti sukulu imapha chidwi cha mwana, ndipo mfundo zake sizinali za chipembedzo. Wina anali Raymond Moore wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene pamodzi ndi mkazi wake Dorothy ankati ana akuyambitsidwa sukulu adakali aang'ono kwambiri. Mu 1983 maloya achikhristu anakhazikitsa bungwe la Home School Legal Defense Association loteteza makolo otere kukhoti, ndipo pofika 1993 kuphunzitsa ana pakhomo kunali kololedwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Boma la America linapeza kuti mu 1999 ana otere analipo pafupifupi 850,000, ndipo mu 2016 anali atafika pafupifupi 1.7 miliyoni.

Tsono tiyerekeze ndi kwathu kuno. Sukulu zoyamba m'dziko lino zinabwera ndi mishoni: a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo mpaka lero sukulu zambiri za pulayimale ndi sekondale zili m'manja mwa mipingo. Ana ambiri amayamba tsiku ndi pemphero pa asembule, ndipo Bible Knowledge ndi phunziro lolembedwa pa mayeso a MSCE. Kholo la ku Lilongwe limene laonera vidiyo ya mlaliki wa ku Texas n'kuyamba kuopa kuti sukulu ichotsa Mulungu mumtima mwa mwana wake liyenera kudzifunsa ngati manthawo ndi akedi. Zifukwa zenizeni za kuno ndi zina. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a ana aang'ono m'sukulu zambiri za boma amadzaza mpaka kupitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Fizi ya sukulu zabwino zomwe si za boma ndi yoboola m'thumba. Mwana wolumala kapena wochedwa kugwira zinthu amatayika m'chigulu. Wina amazunzidwa ndi anzake. Izi ndi zifukwa zomveka, ndipo kholo limene lazitchula bwinobwino limadziwa chimene likufuna kukonza. Limene langotengera mantha a eni ake limamenya nkhondo ndi mdani amene sali pakhomo pake.

Vuto loyamba limene limagwetsa makolo ambiri ndi kutopa, ndipo tinene mosabisa kuti amene amatopa kawirikawiri ndi mayi. Bambo amavomereza mfundoyo, amaiteteza pamaso pa abale, kenako m'mawa amanyamuka kupita kuntchito. Mayi amatsala ndi ana atatu a misinkhu yosiyana, wina akuphunzira kuwerenga, wina akulimbana ndi mafulakishoni, wamng'ono akulira kumbuyo, nsima ya masana isanaphikidwe. Mphunzitsi wa kusukulu amaweruka, amakhala ndi holide, amadandaulirana ndi anzake mu sitafurumu. Mayi wophunzitsa pakhomo saweruka. Chowawa kwambiri n'chakuti kwa Mkhristu kutopaku kumabwera ndi kudziimba mlandu. Popeza ntchitoyi anaiyamba ponena kuti Mulungu wamuitana, akalefuka amaganiza kuti chikhulupiriro chake chachepa, ndiye amabisa, n'kumamwetulira kutchalitchi pamene kunyumba akukalipira ana tsiku lonse.

Baibulo lomwelo lili ndi yankho pa Eksodo 18. Mose ankaweruza milandu ya anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mpongozi wake Yetero anamuuza kuti zimene akuchitazo si zabwino, adzafooka iye pamodzi ndi anthuwo. Anamulangiza kuti asankhe anthu odalirika agawane nawo ntchito. Taonani kuti Yetero sanakayikire zoti Mose anaitanidwa ndi Mulungu. Anangomuonetsa kuti munthu woitanidwa nayenso amatopa. Ngati bambo akukhulupiriradi kuti ana aziphunzira pakhomo, atenge maphunziro awiri kapena atatu akhale ake, madzulo kapena Loweruka, ndipo mayi akhale ndi tsiku lopuma limene aliyense m'nyumbamo akulilemekeza. Banja liwerengenso ndalama moona mtima lisanayambe, chifukwa mmodzi akasiya ntchito kuti aziphunzitsa, malipiro ake onse ndiye fizi yeniyeni ya sukuluyo, kuphatikizapo mabuku, bandulo ya intaneti ndi ndalama za mayeso. Banja limene silingakwanitse zimenezi silinachimwe.

Makolo achikhristu ophunzitsa pakhomo amakonda kutchula Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley amene anayambitsa gulu la Methodist ku England. N'zoona kuti mayiyu anachita zodabwitsa. Anabereka ana 19, ndipo 9 mwa iwo anamwalira adakali makanda. Mwamuna wake, amene anali m'busa ku Epworth, anamangidwapo chifukwa cha ngongole, ndipo nyumba yawo inapsa mu 1709. Komabe ankaphunzitsa ana ake maola 6 patsiku, ndipo anaika lamulo loti mtsikana asaphunzitsidwe kusoka asanadziwe kuwerenga bwino. Koma pali mbali ziwiri za nkhani yake zimene sizitchulidwa kawirikawiri. Yoyamba ndi yoti ankagawa ntchito: ana aakulu ankawerenga ndi aang'ono, ndipo mwana aliyense anali ndi nthawi yakeyake pa sabata yocheza ndi mayi ake, John yake inali Lachinayi madzulo. Yachiwiri ndi yoti nthawi itakwana anawatulutsa anyamatawo. John anapita kusukulu ya Charterhouse ku London ali ndi zaka 10, kenako ku Oxford, ndipo Charles anapita ku Westminster. Mayi amene amatengedwa ngati chitsanzo cha sukulu ya pakhomo ankadziwa pamene ntchito yake yathera.

Apa tafika pa vuto lachiwiri, la malire a nzeru za kholo. Kuphunzitsa mwana a, e, i, o, u ndi kuwerengera mpaka 100 makolo ambiri angathe, ndipo mwana wokhala ndi munthu mmodzi womuyang'anira amagwira msanga kuposa amene ali pakati pa anzake 100. Koma sukulu imakwera. Ikafika pa aljebra, pa chemistry, pa kulemba chimangirizo chomveka, kholo limene linavutika ndi maphunzirowa pa Fomu 4 silingawadziwe mwadzidzidzi chifukwa choti lapemphera. Mayeso a sayansi a MSCE ali ndi gawo la mapulakitiko, ndipo mwana amene sanagwirepo chipangizo cha mu labotale amaonekera pomwepo. Ngozi yake ndi yoti kholo limayamba kuzemba phunziro limene likuliopa, n'kumachulukitsa limene limalikonda, ndipo palibe wolidzudzula. Zaka zimapita, dzenje likukula mwakachetechete.

Ku America makolo anapeza njira yake kalekale: mabanja angapo amapanga gulu, amakumana kamodzi kapena kawiri pa sabata, nthawi zambiri m'zipinda za tchalitchi, ndipo kholo lililonse limaphunzitsa chimene likuchidziwa. Kwa ife izi siziyenera kukhala zachilendo. Anthu amene amadziwa chipereganyu ndi banki m'khonde sangalephere kusonkhana mabanja asanu kuti nesi aphunzitse biology, wowerengera ndalama aphunzitse masamu, ndipo agogo opuma pa ntchito ya uphunzitsi aone ngati ana akulemba bwino. Zipinda za Sande sukulu zimakhala zotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndipo pano nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. M'mipingo mwathu mwadzaza achinyamata a madigiri a uphunzitsi, a sayansi ndi a zilankhulo amene akudikira ntchito. Mabanja angapo akasonkha, angathe kulemba mmodzi wa iwo kuti aziphunzitsa masana atatu pa sabata, n'kumulipira moyenera, osati kumuuza kuti akutumikira Ambuye ndiye alandire zikomo. Kholo limene lavomera kuti phunziro ili silingalithe, n'kuitana wodziwa, lasonyeza mwana wake kudzichepetsa kumene limamuphunzitsa m'mawa uliwonse pa mapemphero.

Vuto lachitatu ndi la malamulo ndi mapepala. Chikalata cha ufulu wa anthu chimene mayiko anagwirizana mu 1948 chimanena zinthu ziwiri pa ndime imodzi ya 26: kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndiponso kuti makolo ndiwo oyamba kusankha mtundu wa maphunziro a ana awo. Makolo ophunzitsa pakhomo amakonda mfundo yachiwiriyo, koma yoyambayo ndi ya mwana, ndipo boma lili ndi udindo woiteteza. N'chifukwa chake mayiko amasiyana. Ku Germany kuphunzitsa ana pakhomo n'koletsedwa, ndipo makolo amalipitsidwa chindapusa. Ku England n'kololedwa, koma ndalama za mayeso zimakhala za kholo. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 linalola, bola mwana alembetsedwe ku dipatimenti ya maphunziro ya m'chigawo, ndipo lamulo la BELA limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu September 2024 linakhwimitsa chilango kwa kholo losunga mwana pakhomo popanda maphunziro. Mmalawi amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town ayenera kudziwa zimenezi asanachotse mwana kusukulu. Kuno kwathu lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Kholo lanzeru limapita ku ofesi ya zamaphunziro ya m'boma lake lisanayambe, n'kufotokoza zimene likufuna kuchita.

Akhristu ena amaona kuyesedwa ndi anthu akunja ngati kugonjera dziko. Ine ndikuona kuti mayeso ndi bwenzi la kholo loona mtima. Mayi amene amakonda mwana wake sangamuchongere mopanda kukondera, ndipo mwana amene wakhala akuuzidwa pakhomo kuti ndi wanzeru ayenera kudziwa pamene waima akaimikidwa pamzere ndi anzake a dziko lonse. Komanso tsogolo lake lili pa pepala. Kuti munthu alowe m'yunivesite za boma kuno amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, pa MSCE kapena pa mayeso ofanana nayo monga IGCSE. Choncho funso loti mwanayu adzalemba mayeso ati, a MANEB kapena a Cambridge, adzalembera pa senta iti, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti, liyenera kuyankhidwa mwana adakali ku pulayimale, kuti silabasi imene akutsatira ikhale yopita kumeneko. Kholo limene ladikira mpaka mwana afike zaka 17 kuti lifufuze ngati satifiketi ya pulogalamu yake imalandiridwa latchova juga ndi moyo wa munthu wina.

Vuto lachinayi ndi la mabuku. Mabuku ambiri achikhristu ophunzitsira pakhomo amalembedwa ku America. Ena mwa odziwika mu Africa muno ndi a Accelerated Christian Education, pulogalamu imene inayamba ku Texas mu 1970, momwe mwana amadziwerengera timabuku n'kumayankha mafunso payekha. Mabuku otere amapeputsa ntchito ya kholo, koma analembedwera mwana wa dziko lina. Mwana wa ku Area 25 angathe kumaliza chaka akudziwa za George Washington ndi nyengo ya chipale chofewa, osadziwa kuti John Chilembwe anali m'busa, kapena chifukwa chimene mvula imayambira mu November. Choopsa china ndi chilankhulo. M'mabanja ena a m'tauni sukulu ya pakhomo imasanduka njira yolerera ana osalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo akapita kumudzi amangoyang'ana agogo awo ngati alendo. Buku lolembedwa kuti lachikhristu pachikuto silinatsike kumwamba. Kholo liliwerenge ndi maso awiri, liphatikizepo mabuku a silabasi ya kuno, mbiri ya dziko lino, nthano ndi miyambi, ndipo litengere ana kumunda, kumsika ndi kumaliro, kumene mwana wa Chimalawi amaphunzira zimene palibe buku lingamuuze.

Vuto lachisanu ndi limene anthu amafunsa kawirikawiri: nanga anzake? Makolo ophunzitsa pakhomo amatopa nalo funsoli, ndipo amayankha kuti ana awo amacheza ndi anzawo kutchalitchi. Yankholi lili ndi mbali yoona, koma silikwanira. Mwana ayenera kuphunzira kukhala ndi anthu amene makolo ake sanamusankhire: wa chipembedzo china, wosauka kuposa iye, womuposa nzeru, womuputa dala. Dziko lino lili ndi Asilamu ambiri, ndipo mwana amene wafika zaka 18 asanakhalepo ndi mnzake wachisilamu sanakonzekere kukhala mu hositelo ya pakoleji, ngakhale pa ntchito. Timu ya mpira ya m'dera, kwaya, laibulale ndi masewera a madzulo ndi ana a oyandikana nawo ziyenera kukhala pa ndandanda wa sabata mofanana ndi masamu. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala, anapanga makina amphepo opangira magetsi mu 2002 chifukwa panali kalaibulale kotsegula kumene anapezako buku la sayansi. Iye sanali pa sukulu ya pakhomo, koma nkhani yake ikuonetsa chimene chimapulumutsa mwana amene ali kunja kwa kalasi: khomo lina lotsegula.

Pali mbali ina yovuta kuikamba mumpingo. Sukulu ndi malo amene munthu wamkulu wina amaona mwana tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi ndiye amazindikira kuti mwana wabwera ndi zipsera, kuti wasiya kulankhula, kuti akugona m'kalasi chifukwa cha njala. Sukulu zitatsekedwa kuno mu March 2020 chifukwa cha COVID-19, mpaka kuyamba kutsegulidwa mu September, malipoti a boma anaonetsa kuti mimba za atsikana achichepere ndi maukwati a ana zinachuluka. Pakhomo si pamalo otetezeka kwa mwana aliyense. Tara Westover wa ku Idaho ku America, amene analemba buku la moyo wake lotchedwa Educated mu 2018, anakulira m'banja lopemphera lomwe linkakana sukulu ndi chipatala, ndipo analowa m'kalasi koyamba ali ndi zaka 17. Iye amafotokoza nkhanza zimene zinkachitika m'nyumbamo popanda wakunja woziona. Makolo ambiri ophunzitsa pakhomo sali otero ngakhale pang'ono. Koma kholo labwino silitaya kanthu polola kuti ana ake azionedwa ndi anthu ena, ndipo likamalimbikira chinsinsi limapereka mthunzi kwa oipa amene amabisala kumbuyo kwa dzina lomwelo. Mpingo umene uli ndi mabanja otere uziwayendera, ndipo mwana aliyense akhale ndi munthu wamkulu wa kunja kwa nyumba amene angamuuze zakukhosi.

Vuto lomaliza ndi la chikhulupiriro chenichenicho, chimene chinali chifukwa choyambira zonsezi. Kholo likakhala mphunzitsi, m'busa ndi wolanga nthawi imodzi, mwana amasokoneza zinthuzi. Kulephera samu kumamveka ngati tchimo, ndipo kufunsa funso lovuta la m'Baibulo kumaoneka ngati mwano. Mwana wotere amaphunzira kupereka mayankho amene amakondweretsa mayi ake, mafunso enieni n'kuwasunga mumtima. Ife amene tili pakoleji tikudziwa zimene zimachitika chaka choyamba. Munthu amakumana ndi Darwin, ndi Marx, ndi lekichara wofunsa kuti mabuku a m'Baibulo analembedwa liti ndipo ndi yani, ndi mnzake wa m'chipinda amene sapemphera koma ndi wamakhalidwe abwino. Amene anamvapo zimenezi kunyumba, zitafotokozedwa mwachilungamo, amaima bwino. Amene anauzidwa kuti anthu onse oganiza mosiyana ndi opusa kapena oipa amagwedezeka akapeza kuti sali otero, ndipo amayamba kukayikira zonse zimene makolo ake anamuuza, zoona zomwe.

Anthu a m'Baibulo amene timawatamanda sanaleredwe m'botolo. Mose anaphunzira nzeru za Aigupto. Danieli anaphunzira chilankhulo ndi mabuku a ku Babulo osataya Mulungu wake. Timoteo anayamba kudziwa malembo kwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike, kenako anatengedwa ndi Paulo n'kuyenda naye maiko. Pa Luka 2 timamva kuti Yesu ali ndi zaka 12 makolo ake anayenda ulendo wa tsiku lonse akuganiza kuti ali ndi abale ndi anansi, zimene zikuonetsa kuti ankaleredwa pakati pa anthu, ndipo anakamupeza m'kachisi atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa mafunso. Lamulo la pa Deuteronomo 6, limene makolo ophunzitsa pakhomo amalitchula kwambiri, limauza kholo kuti lizikamba za Mulungu ndi ana ake m'zochitika za tsiku lonse. Udindo umenewo ndi wa kholo lililonse lachikhristu, kaya mwana amapita ku sukulu ya boma, ya mishoni kapena amaphunzira pakhonde. Silinena kuti kholo likhale lokha lophunzitsa mwana chilichonse.

Wina anganene kuti ngati mukuitana aphunzitsi, mukulemba mayeso a boma ndipo mukutumiza ana kukasewera ndi aliyense, phindu la sukulu ya pakhomo latsala pati? Latsala pambiri. Mwana amayenda pa liwiro lake, wochedwa sasiyidwa ndipo wofulumira sadikira. Maola amene amathera m'minibasi ndi podikira mphunzitsi amakhala owerenga. Kholo limadziwa zimene mwana akuphunzira ndipo lingakambirane naye tsiku lomwelo. Chimene chatayika ndi maganizo okha akuti kholo lingalamulire chilichonse cholowa m'mutu mwa mwana, ndipo maganizo amenewo sanali oona chiyambire, makamaka masiku ano a foni.

Wina angafunse kuchokera mbali inayo: makolo odzipereka onse akachotsa ana awo, ndani adzatsale mu komiti ya sukulu kufunsa za mabuku ndi zimbudzi? Funsoli ndi lolemera, ndipo Mkhristu sangalizembe. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana ambiri a mumpingo uliwonse m'dziko lino adzapitabe kusukulu ya boma, chifukwa makolo awo alibe nthawi, ndalama kapena maphunziro oti awaphunzitsire okha. Banja limene lasankha sukulu ya pakhomo lisadzione ngati loyera kuposa iwo, ndipo lisatembenuzire msana sukulu ya m'dera lawo. Lingathe kulola ana a oyandikana nawo kubwera kudzawerenga mabuku ake masana, kapena kulowetsa m'gulu lija mwana mmodzi wa banja losowa.

Chinthu china chimene makolo otere ayenera kugwirizana kuyambira pachiyambi ndi chakuti chaka chilichonse azikhala pansi n'kuona ngati njirayi ikuthandizabe mwana aliyense payekha, ndipo mwanayo akamakula azifunsidwa maganizo ake. Zimatheka kuti wina zikumuyendera pomwe mng'ono wake akufota. Zimatheka kuti pulayimale inayenda bwino koma sekondale yakula mphamvu. Kubweza mwana kusukulu pa nthawi yotere si kubwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro, ndipo mpingo usachititse manyazi banja limene latero. Amene amakakamira chifukwa choopa kuti abale amene ankatsutsa aja aseka, wayika ulemu wake patsogolo pa mwana.

Anzanga, ena mwa ife tidzasankha njira imeneyi, ambiri sitidzaisankha, ndipo ena tidzakhala aphunzitsi olembedwa ndi mabanja otere kapena akuluakulu a mipingo imene ali. Tikadzamva mnzathu akunena kuti akufuna kuphunzitsa ana ake pakhomo, tisadzamuseke ndipo tisadzangomuombera m'manja. Tidzamufunse kuti adzagawana ndi yani ntchitoyo, mwanayo adzalemba mayeso ati, adzasewera ndi yani, ndipo akadzakhala ndi funso limene akuopa kufunsa makolo ake adzapita kwa yani. Ngati ali ndi mayankho, timuthandize ndi zimene tinaphunzira. Ngati yankho lake pa mafunso onsewa ndi iye mwini, timukumbutse za Yetero.